Mzere Wotsala Pansi pa Mpichesi

Porto, 19 Janeiro 2025

Abambo a Flora,

Ndikupatsani moni ine mkazi wanu Terezinha, ndili kuno kwa mwana wathu Neusa. Mwadzuka bwanji ndi msana wanu uja? Nanga ng'ombe, nanga anzathu a kukapela?

Ndalemba kalata chifukwa telefone ndi makutu anu ndi adani. Tsiku lija ndinakuwa mpaka mzungu wa m'chipinda cha pamwamba anagogoda, inu mukungoti, "Eti? Eti?" Ndiye tapangana kuti ndizilemba papepala, Neusa azijambula n'kutumiza pa telefone ya mng'ono wanu Tito. Loweruka lililonse mukapita kumsika, mukalowe mu baraka yake yogulitsira mbewu ndi mankhwala a m'munda, muvale mandala, muwerenge. Yankho lanu mumupatse iyeyo ajambule.

Kuno kuli chisanu ngati cha Junho kwathu, koma chonyowa. M'mawa nkhungu imakwera kuchokera kumtsinje n'kumeza nyumba zonse. Ndikaima pazenera ndimadziiwala, ndimadikira kuti ikayera ndione khola lathu ndi denga la kapela. Ikayera ndimaona madenga ofiira a anthu osawadziwa, ndipo mtima umandiwawa.

Madotolo a kuchipatala kumene Neusa amagwira unamwino andiyeza paliponse. Akuti ndi matenda omwe aja tinalimbana nawo ku Maputo, abwerera. Ndi kankro ya m'magazi, ija pa wailesi ya ku Malawi amati khansa, ndipo dzina lake lenileni ndi linfoma. Chotupa cha m'khosi chafika ngati dzira la nkhuku. Ayamba kundipatsa mankhwala a m'mitsempha, akuti pakatha masabata anayi tiona.

Tsopano ndiuzeni za Kamaso, mizere khumi ndi iwiri ija ndinabzala ndisananyamuke. Paja m'Ntengo-Wambalame monse palibenso wina amene ali nayo mbatata ya maso ofiira imeneyo, anzathu onse anathamangira mbewu za m'sitolo. Amayi anandimangira m'nsalu tsiku la ukwati wathu, iwonso anapatsidwa ndi amayi awo. Chimanga chimadikira m'nkhokwe, koma kachewere sadikira munthu. Chaka chimodzi osabzala, kapena matenda a chiwawu akangolowa pansi, mtundu watha. Mwabandira? Maluwa ayamba?

Musamadye zozizira zokhazokha ngati mbeta.

Ine wanu,
Terezinha

*

Ntengo-Wambalame, 1 Fevereiro

Amake Flora, Nangozo wanga,

Moni wanu ndalandira ndi manja awiri. Kalata yanu ndaiwerenga katatu, mpaka Tito anati ndimuthera moto pa telefone. Msana ulipo, sunandithawe. Ng'ombe zili bwino. A kukapela amakutchulani m'mapemphero Lamulungu lililonse, ndipo panyimbo ija mumayambitsa inu pamakhala kachete pang'ono, aliyense kudikira mnzake.

Kamaso ndabandira, ndipo wachita maluwa. Mukanaona! M'mawa nkhungu ikagona m'munda, mizere sioneka, masamba saoneka, maluwa okha ndi amene amayandama pamwamba, ofiirira ndi oyera. Ndimaima pa mpichesi wa kumtunda uja khasu lili paphewa, n'kuiwala chimene ndabwerera. Dzana ndinamva khasu likugunda nthaka kumapeto kwa munda, kugunda kwanu kuja, kawiri msangamsanga kenako kupuma. Ndinatsika mpaka kumunsi. Ndinapeza mame okhaokha, koma sindinakhumudwe.

Mukukumbukira zimene munanena pokwera chapa, minibasi ija? Munatulutsa mutu pazenera n'kuti, "A Mbewe, munda wangawo ndidzaupeze uli wobiriwira!" Anthu anaseka. Ine sindinaseke. Zaka makumi atatu ndi zinayi simunandipemphe chinthu pagulu, ndiye chimenechi ndachisunga.

Ndipo ndikuuzeni, mundawu umandiuza za inu kuposa telefone ya Tito. Masamba akaima gwa, ndimadziwa kuti mwadzuka bwino. Lachitatu masana anawerama pang'ono, ine ndinati Nangozo lero sanadye. Ndiuzeni ngati ndanama.

Zozizira sindikudya. Ndikuphika, ngakhale galu amayamba wanunkhiza kawiri asanalandire zotsala.

Mubwera liti? Munati kumapeto kwa mwezi uno.

Mwamuna wanu,
Clemente

*

Porto, 16 Fevereiro

Abambo a Flora,

Moni. Ndakondwa kuti muli bwino, ndipo galuyo ndamumvera chisoni. Lachitatu lija sindinadyedi, koma musadzitame, masiku ano sindidya tsiku lililonse.

Khalani pansi kaye. Mankhwala a m'mitsempha aja sanagwire. Chotupa sichinachepe, ndipo china chatuluka m'khwapa. Mwezi uno sindibwera.

Koma pali njira ina. Dotolo wanga ndi mtsikana wowonda ngati bango, ndipo anandifotokozera modekha, Neusa akundithandiza pamene Chipwitikizi changa chinathera. Akuti thupi la munthu ndi tizidutswa tosaoneka ndi maso, amati maselula. Kalikonse kamabadwa ndi tsiku lake. Kakakalamba kapena kuvulala, m'kati mwake mumamveka kuitana, iko n'kudzipinda n'kufa mwakachetechete kuti ena apeze malo. Akuti tonsefe timafa pang'onopang'ono choncho tsiku lililonse, ndipo n'chifukwa chake tili moyo. Ndinaona ngati m'thupi mwanga muli mudzi waukulu wa anthu aulemu, amene amadzuka okha pampando osauzidwa kawiri.

Ndiye matenda angawa ndi maselula amene atseka makutu. Akuitanidwa, koma sakumva, akungochulukana. Ndinati kwa Neusa, "Amenewo ndi akuchimuna kwanu, a kwa Mbewe." Dotolo atamasuliridwa anaseka mpaka kugwetsa cholembera.

Njira yake ndi yophatikiza zinthu ziwiri. Choyamba ndi cheza cha makina, radiação, chosaoneka ndiponso chosamveka pakhungu. Sachipereka chambiri ayi, chongokwanira kuvulaza maselula a m'zotupa kuti kuitana kuja kukule. Chachiwiri ndi mibulu ya mankhwala yochotsa chimene chawatseka makutu. Akuti chilichonse pachokha chimasiya ena, ndiye akufuna aone ngati ziwirizi pamodzi zingamalize ntchito. Ndi kafukufuku, estudo, ndipo sanandilonjeze kanthu. Pali ngozi yake: akafa ambiri nthawi imodzi impso zimalemedwa, ndiye ndidzagona m'chipatala n'kumamwa madzi ngati ng'ombe. Ndikafuna, ndilembe dzina langa papepala lovomereza lisanadutse Lachisanu pa 14 Março, chifukwa akatero atseka malo.

Ndinamuuza dotolo kuti zimenezi ife a ku Tsangano timazidziwa. Kachewere wa mbewu sitidikira kuti afote yekha. Timatchetcha masamba akadali okongola, chiwawu chisanatsike ndi mvula kukalowa pansi. Munda umaoneka ngati wafa, koma m'masabata awiri amenewo khungu la mbatata limakhwima.

Ndiye mverani bwino. Sabata yoyamba ya Março, tchetchani Kamaso yense. Masambawo mukaotchere kutali ndi munda. Mudikire masabata awiri, kenako mukumbe tsiku lopanda mvula. Ndikudziwa kuti chikwakwa ndimagwira ndine chaka chilichonse, koma chaka chino ndi chanu.

Terezinha

*

Ntengo-Wambalame, 1 Março

Amake Flora,

Moni wochokera kwa ine ndi onse a kuno. Ndikhulupirira kuti mukudya.

Ng'ombe yakuda ija yabereka, kamwana kakakazi, kali ndi banga loyera pamphumi. Padre anabwera Lamulungu pa mota, njinga yake yamoto ija, anagwa pamatope pafupi ndi mlatho, koma mkate wa Misa sunanyowe. Mvula ikugwa yamvumbi, masiku asanu osaona dzuwa. Denga la khitchini ladontha, ndaikapo beseni.

Chiwawu chalowa m'munda mwa a Cosme, oyandikana nafe aja. Masiku atatu okha munda wonse bii ngati wapsa. Koma musade nkhawa. Ndikupopera mankhwala a kwa Tito kawiri pasabata, ndathiranso feteleza wa ureia pang'ono kuti masamba asataye mtundu. M'mawa uliwonse ndimayenda mzere ndi mzere, tsamba lililonse la banga ndimalibudula n'kuika m'thumba. Odutsa amaima n'kumafunsa kuti a Mbewe mwabzalanso liti, chifukwa m'chigwa monse munda wobiriwira watsala wanu wokha.

Ndinalota mukubwera wapansi kuchokera kumsewu, mutasenza sutikesi pamutu. Simunalowe m'nyumba. Munapita kumunda, masamba akukufikani m'chiuno, n'kumayenda pakati pake manja mutatambasula.

Chikwakwa chabuntha, ndipo wosula wapita kumaliro ku Ulongwe.

Za maselula otseka makutu ndamva. Madotolo ndi anthu ophunzira, ine ndinalekera terceira classe, kalasi yachitatu. Koma ine ndikuti chinthu chikakana kufa, musamafulumire kuchinyoza.

Clemente

*

Porto, 6 Março

Mana Flora,

Moni, mana, mkulu wanga. Alamu ali bwanji, nanga ana amene mumawaphunzitsa kushikola kwanu ku Furancungo sanakupengetseni? Pepani, ndilibe nthawi ya moni wautali.

Mamã akukana kulemba dzina papepala la estudo. Kwatsala masiku asanu ndi atatu. Ndawabweretsera cholembera katatu, katatu konse akuti, "Mawa." Ndinayesa kuti akuopa makina, ndiye ndinapempha mnzanga kuti awaonetse chipindacho, bedi lake, ndi mutu wa makina umene umazungulira. Anagogoda chitsulocho ndi chala n'kuti, "Chigayo cha kwa Tsangano chimaopsa kuposa ichi." Ndiye si mantha.

Dzulo ndinapsa mtima, ndinawakalipira, Deus me perdoe. Iwo anangotulutsa kalata ya Papá n'kuti, "Werenga. Ng'ombe ilimo, padre alimo, beseni lilimo. Kutchetcha kulimo?"

Ndinati, "Mamã, mukufuna kutaya moyo chifukwa cha batata?"

Anati, "Abambo ako sakusunga mbatata, akusunga ine. Akuganiza kuti mpweya wanga uli m'masamba. Akaumirira, chiwawu chitsika pansi, mbewu ya amayi anga itha, ndipo tsiku limene mundawo udzade bii ngati wa a Cosme, munthu uja adzandiika m'manda mumtima mwake ndili moyo. Ine sindingakagone pansi pa makina ouza zinthu kuti zife pamene kwathu mwamuna wanga akuuza zinthu kuti zisafe. Tikhala tikukoka chingwe chimodzi mbali ziwiri. Atchetche iye, ndilemba ine."

Mana, mumawadziwa. Akanena anena. Zotupa zikukula, usana amagona ngati mwana, ndipo akadzuka amandifunsa ngati nkhungu yayera kumunda. Tito ndamuimbira, akuti wayesa kulankhula nawo koma Papá amangochotsa mandala n'kutuluka. Ndiponso Tito sangaumirire kwambiri, paja mankhwala opoperawo akugulitsa ndi iye.

Por favor, pemphani director akupatseni masiku awiri. Pitani. Papá amamvera inu kuposa ine, ndinu woyamba. Mukatchetcha mujambule, Mamã akufuna kuona ndi maso.

Mng'ono wanu,
Neusa

*

Ntengo-Wambalame, 11 Março

Mamã ndi Neusa,

Moni nonse. Ndikulemba ndili mu baraka ya tio Tito, ndikudikira chapa yobwerera. Miyendo yanga sindikuimva.

Ndinanyamuka ku Furancungo Loweruka m'mawa. Chapa inatitimira kawiri, kachiwiriko tinatsika tonse n'kukankha, matope mpaka m'mawondo. Ndinagona kwa anzanga ku Ulongwe, n'kufika kwathu Lamulungu pa mota. Nyumba ndinaipeza yotseka. Sindinafunse munthu, ndinalunjika kumunda.

Mamã, sindikunamizani, munda umenewo unali wokongola moti ndinaima kukamwa yasa. Minda yonse yozungulira yapsa, wanu wokha uli biriwiri pakati pa nkhungu ngati suli pansi pano. Papá anali atagwada pakati pa mizere, thumba lili m'khosi, akutembenuza tsamba limodzilimodzi. Awonda. Malaya akuwalendewera.

Ndinati, "Ababa, ichi n'chiani?"

Anati, "Amako adati adzaupeze wobiriwira."

Ndinati, "Koma adalembanso kuti mutchetche."

Anati, "Kalata imene ija si ya amako, n'ja matenda. Munthu akayamba kugawa ntchito zake ndiye kuti akutsanzika. Zaka trinta e quatro chikwakwa amagwira okha, ine ndine wokumba. Lero akundipatsa ine bwanji? Ndikatchetcha, chiwabweze kuno n'chiani?"

Ndinatsika kumzere wa kumunsi kumene madzi amaima, n'kufukula phando limodzi ndi manja. Mbatata zisanu, zitatu zofewa, zonunkha, zofiirira m'kati. Ndinaziika m'manja mwawo n'kuti, "Chikomekome cha mkuyu, ababa. Pamwamba mwapambana, pansi chiwawu chalowa kale." Kenako ndinawauza zonse, kuti pepala lili pa meza ku Porto lopanda dzina, kuti Lachisanu atseka, ndi kuti amene wagwira dzanja lanu kuti lisalembe ndi iwowo.

Anayang'ana mbatata zowolazo nthawi yaitali. Ndiye anati, "Ndiye kuti ine ndimati ndikuwasunga, chikhalirecho ndikuwachedwetsa?" Ndinalira, Mamã, ndipo iwonso analira.

Chikwakwa chobuntha chija, cha m'kalata imene tio Tito anandionetsa, Papá anachitulutsa pansi pa bedi. Chinali chakuthwa bwinobwino, ndipo wosula uja ndamuona pamsika ali moyo wathanzi, sanapite kumaliro alionse. Dzulo Lolemba tinatchetcha atatu, Papá, tio Tito ndi ine, masamba n'kukaotchera kudambo. Chithunzi ndi chimenecho, ndajambula nditaima kumunsi.

Tsopano lembani dzina, Mamã. Ine ndatuluka matuza m'manja chifukwa cha inu awiri.

Flora

*

Porto, 13 Março

Abambo a Flora,

Moni, mwamuna wanga. Manja ali bwanji?

Dzina ndalemba lero m'mawa, lonse, Terezinha Ngozo, mpaka dotolo wa bango uja anandikumbatira. Ndiye mtima ukhale pansi.

Koma musaganize kuti matenda andidya maso. Chithunzi cha Flora ndachikulitsa ndi zala monga anandiphunzitsira Neusa. Kumtunda, pakona, pansi pa mpichesi, pali chinthu chobiriwira. Mizere ndinabzala khumi ndi iwiri, yotchetcha ndawerenga khumi ndi umodzi. Flora anaima kumunsi dala, mwana wa abambo ake.

Sindinakwiye. Ndinaseka, kenako ndinalira, chifukwa ndi mzere umene ndimayambira chaka chilichonse, ndipo mwandisiyira. Koma a Mbewe, inu ndinu mlimi. Mzere umodzi wa chiwawu umakwana kudwalitsa khumi ndi umodzi. Mvula ikagwa, madzi amachokera pa mpichesi kutsika. Ngakhale dotolo wanena zomwezo za thupi langa, akuti otsala ochepa ndi amene amabweza matenda.

Mlandu ndi wanga. Akulu anati ukayenda siya phazi, ine ndinasiya mlomo pazenera la chapa. Ndinkayesa kuti ndi ulendo wa masabata asanu ndi limodzi, ndinalankhula mwachibwana kuti anthu aseke, kuti inu musaone kuti ndikuopa. Mawu amenewo ndikuwabweza lero. Sindikufuna kudzapeza munda wobiriwira. Ndikufuna kudzapeza mbewu, ndi inu.

Ndipo sindikutsanzika. Ndikatsanzika mudzadziwa, chifukwa ndidzayamba ndakuuzani kumene ndinabisa mbale za alendo.

Mibulu ya mankhwala ndiyamba Lamulungu, pang'onopang'ono. Lachiwiri pa 18 ndidzalowa m'chipinda cha makina nthawi ya nove horas kuno, 9 koloko m'mawa, kwanuko idzakhala onze horas, 11 koloko. Akuti ndidzagona ndekha, osagwedezeka, onse atatuluka n'kutseka chitseko cholemera. Neusa ndinamuuza kuti makinawo sakundiopsa. Ndinanama. Ndikuopa, a Mbewe, ndikuopa kwambiri.

Ndiye ndikupemphani chinthu, ndipo nthawi ino si pagulu. Lachiwiri, onze horas ikakwana, mukaime pa mpichesi ndi chikwakwa changa. Ine ndidzatseka maso n'kuwerenga mapando, alipo makumi anayi ndi awiri. Inu muzitchetcha, ine ndiziwerenga. Tikatero sindidzakhala ndekha m'chipindamo.

Kalatayi ikupezeni Loweruka. Tito akapanda kukuonetsani, ndidzamudula makutu.

Wanu,
Terezinha

*

Ntengo-Wambalame, 5 Abril

Nangozo,

Moni. Mwakhala masabata atatu osamva za ine, pepani. Telefone ya Tito inagwera m'ndowa, yangochira kumene. Kalata yanu inandipeza isanagwe, ndipo ndinaikopera m'kaderno, kabuku kanga kolembamo, mawu ndi mawu kuti ikhale yanga.

Lachiwiri lija ndinabwereka wotchi kwa katekista. Ndinafika pa mpichesi nthawi ikadalipo yambiri, n'kukhala pansi pafupi ndi mzere wanu. Kunali nkhungu yosayera, moti ngakhale khola silinkaoneka. Ndinaupepesa mzerewo. Ndinauuza kuti wagwira ntchito yake, ukhoza kupuma.

Onze horas itakwana ndinavula chipewa n'kuyamba. Ndinkatchetcha modekha, phando limodzi, kupuma, kuti ndisakusiyeni m'mbuyo powerenga. Pa phando la khumi ndinamva mukuwerenga kumbuyo kwanga, ndi mawu anu a m'mawa aja osalala pang'ono. Sindinacheuke, ndinaopa kuti musiya. Mapando ndinapeza makumi anayi ndi atatu, osati awiri. Lomalizalo ndinatchetcha ndekha, inu mutamaliza kale, ndipo limenelo ndi limene linandivuta.

Kenako munda unakhala mbee, dothi lokhalokha. Masabata awiri amenewo anali aatali kuposa zaka zonse za nkhondo. Ndinalibe tsamba londiuza ngati mwadya. Ndinkangopita m'mawa, kuima, n'kubwerera.

Lachitatu lapitali kunacha bwino, ndipo ndakumba. Ndikuuzani zoona zokhazokha. Mizere isanu ya kumunsi yawola yonse, fungo lake mpaka kumsewu, ndipo amene anaiwoletsa ndine. Ya pakati ndasankhamo pang'ono. Koma inayi ya kumtunda yatuluka bwino, khungu lolimba losasupuka ndi chala, maso ofiira ngati a amayi anu akakwiya. Zonga dzira la nkhuku ndazipatula, zadzaza madengu atatu. Ndaziyala pathandala m'chipinda chakumbuyo, pamene pamalowa mphepo ndi kuwala pang'ono, monga mumachitira.

Kamaso alipo, Nangozo. Tsopano ndiuzeni za m'khosi mwanu, chifukwa kuno ndilibenso pofunsa.

Clemente

*

Porto, 13 Abril, Lamulungu la Kanjedza

Abambo a Flora,

Moni, wokumba wanga. Kalata yanu Neusa wandiwerengera kawiri, chifukwa maso anga ankachita madzi.

Mapando analidi makumi anayi ndi atatu. Limodzi ndinabzala lapadera kumapeto, mbatata imene inatsala m'nsalu, ndipo ndinaiwala. Tsiku limene lija nditafika pa makumi anayi ndi awiri makina anali asanaleke kulira, ndiye ndinangogona chete n'kumamvetsera. M'chipindamo munamveka fungo la masamba otchetcha kumene. Ndinauza namwino, iye anati ndi mankhwala otsukira pansi. Ndinamusiya, ndi mwana.

Sabata yoyamba inali yowawa. Ndinagona m'chipatala masiku asanu ndi limodzi, soro wa m'botolo akudonthera kumkono, madzi kukamwa, magazi akuyeza m'mawa ndi madzulo. Ndinalibe mphamvu yonyamula supuni. Ndinadziuza kuti ano ndi masabata anga awiri a pansi pa dothi, ndisafukulidwe msanga.

Tsopano mverani. Cha m'khwapa sindikuchipezanso. Cha m'khosi, chija chinali ngati dzira, chafika ngati nyemba. Akuchimuna kwanu aja ayamba kumva. Dotolo akuti tisaimbe nthungululu, pali miyezi ya mibulu ndi kuyeza, ndipo matendawa anabwererapo kale kamodzi. Sakudziwa ngati ndidzakwera ndege mu Setembro, kapena mochedwerapo, kapena ayi. Nanenso sindikudziwa, ndipo sindikulonjezani tsiku, ndaphunzira.

Za mizere isanu yowola musadziimbe mlandu. Ndi mwamuna uti m'Tsangano monse anawoletsapo mbatata chifukwa chokonda mkazi wake? Ndidzakunyozani nazo mpaka kukalamba, koma pano ndikuti zikomo.

Madengu atatuwo muwagawe. Limodzi mutumize kwa Flora ku Furancungo, abzale kuseri kwa nyumba ya shikola. Theka la lina mupatse akazi a Cosme, munda wawo unapsa. Ndinalakwa kusunga mtundu wonse m'munda umodzi, mwa munthu mmodzi. Zotsalazo muzizitembenuza sabata iliyonse, yofewa muzitaya osaimvera chisoni.

Mvula ya Novembro ikagwa, bzalani. Ndilipo, bzalani. Palibe, bzalani, muyambire pa mpichesi, ndipo Março akafika mutchetche osadikira kalata ya munthu.

Koma khasu langa musabwereke aliyense. Mulipake mafuta, muliimike kuseri kwa chitseko, pamene dzanja langa limafikira ndikangolowa.

Ine wanu,
Terezinha